Lifiti ya a madala

Mu bandi yathu munthu sankachotsedwa. Ankangopatsidwa lifiti.

Tinkaphunzira nyimbo Loweruka lililonse masana m'galaja ina ku Buruburu, kuseri kwa nyumba ya mnzathu woyimba kiyibodi. Ambiri tinali Amalawi ogwira ntchito m'mabungwe kuno ku Nairobi, kuphatikizapo ana asukulu omwe ankabwera n'kumapita. Mwini bandi anali bambo wina wa ku Zomba, woyimba gitala ya besi, ndipo tonse tinkangowatcha a madala.

A madala anali ndi matenda amodzi, bandi ina ya ku London yoyimba asidi jazi, nyimbo zija za jazi koma zovinitsa, besi patsogolo malipenga pambuyo. Zimbale zake zonse anali nazo, ndipo nyimbo zambiri zomwe tinkayimba m'mahotela ndi m'maukwati zinali za bandi imeneyo. Mbiri yake ankayidziwa kuposa ya mudzi wa kwawo. Ankatiuza kuti anyamata omwe anayiyambitsa ndiwo anakhalitsa, koma oyimba mawu ankangosinthana: uyu wabwera, wajambula chimbale, wapita, wina walowa, woyamba uja wabwereranso, wapitanso. Ankazinena monyadira, ngati kuti kusintha anthu ndilo luso lenileni.

Tsono bambowa sankatha kuuza munthu m'maso kuti basi, pakwana. Ulemu wa kwathu uja, wolephera kutchula chinthu dzina lake. Chomwe ankachita n'chakuti tikamaliza kuphunzira, tikukulunga mawaya, ankamuyandikira munthuyo n'kumuuza kuti asavutike lero ndi matatu, maminibasi a kunowa, amuperekeza. Galimoto yawo sankakwezamo munthu wamba. Pampando wa kutsogolo pankakhala besi, atayimanga lamba bwinobwino. Ukaona besi ikugonekedwa kumbuyo, unkadziwa kuti wina wapita. M'njira ankayika chimbale n'kumafotokoza m'mene a ku London aja anasiyanirana ndi woyimba wawo wina, mopanda ndewu, ndipo pofika pakhomo pako unkakhala utamva wekha. Loweruka lotsatira sunkabweranso, ndipo palibe ankafunsa.

Woyimba ng'oma wathu woyamba anapita choncho, chifukwa ankakoka nyimbo. Walipenga wina anapita choncho atafika pa ukwati wa anthu ataledzera. Onsewa ndinawaona akulowa m'galimotomo akumwetulira ngati ali pa chithunzi cha pasipoti.

Ine ndinali woyimba mawu kuchokera pomwe bandiyo inayamba. Ndinene pano kuti maikolofoni ija sinali yongosewera nayo. Ana anga anali ku Lilongwe kwa mchemwali wanga, ine ndekha m'kanyumba ka pamwamba ku Madaraka. Mkati mwa sabata ndinali mayi wolemba malipoti omwe mwina palibe ankawerenga, wolakwitsa Chiswahili pogula matimati. Koma ndikaima patsogolo paja, besi ya a madala ikugunda kumsana kwanga, ndinkakhala munthu. Mu Nairobi yonseyi malo anga anali amenewo, ndipo ndinkawasunga mwansanje.

Kenako kunabwera kamtsikana ka ku Mangochi, kophunzira pa yunivesite ya pafupi ndi kwathu. Mkazi wa wakiyibodi ndiye anamubweretsa, akuti azidzayankha nyimbo kumbuyo kwanga. Anali mwana waulemu, mpango kumutu, pondipatsa moni ankachita kupinda mawondo, ndipo ankanditcha a anti. Poti tonse tinkakhala ku Madaraka, tinkabwerera limodzi, matatu ya ku tawuni kenako ina. Ndinkamukonda ndithu. Ndinkamugulira chimanga chootcha pa siteji.

Loweruka lina la mu Julayi, kukuzizira, ndinabwera ndi chimfine. Panali nyimbo ina ya a ku London aja yomwe chakumapeto mawu amakwera n'kukhala pamwamba nthawi yaitali, malipenga akuyankha pansi. Inali nyimbo yanga, anthu ankandidziwira imeneyo. Nditafika pokwera paja, mawu anathyoka. Ndipo mwana uja, popanda womutuma, anawatola pomwe ndinawagwetsera n'kuwakweza, osavutika n'komwe, manja ali kumbuyo ngati akuyimba nyimbo ya fuko pa sukulu.

Nyimbo inatha. Woyimba ng'oma anayamba kumanga nati yomwe inali yomanga kale. Mtsikanayo anagwira pakamwa n'kundipepesa, akuti zinangotuluka. Ndinamuuza kuti palibe kanthu, koma mtima unali ukuwira. Chomwe chinandipweteka sichinali chimfine ayi. Ndinadziwa kuti ngakhale ndili bwino, malo amenewo sindinawayimbepo choncho. A madala sanadzutse mutu, ankangopukuta nsambo za besi yawo.

Sabata imeneyo ndinali munthu wovuta. Ku ofesi ndinakalipira mnzanga chifukwa cha kapu ya tiyi. Ndinamwa tsabola, jinja, uchi, mandimu, chilichonse chomwe mayi wina wa pa kagolosale anandiuza. Ndinkayimbira m'bafa mpaka aneba a pansi anagogoda paipi. Loweruka litafika ndinayimba nyimbo ija ndi ukali wonse, ndipo ndinafika pamwamba paja, inde ndinafika, koma ngati munthu wokwera masitepe atasenza chidebe. Mtsikana uja sanatsegule pakamwa tsiku lonse, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa, chifukwa aliyense ankaona kuti akundichitira chisoni.

Tikukulunga mawaya, ndinamva chitseko cha galimoto. Ndinayang'ana panja. A madala anali akumasula lamba wa besi. Anayinyamula n'kuyigoneka kumbuyo, kenako analowa m'galaja akupukuta manja pa thalauza. Aliyense anapeza chochita pansi. A madala anadutsa wa gitala, anadutsa wang'oma, n'kuima pafupi ndi ine.

"Achemwali, lero musavutike ndi matatu."

Ndinatenga chikwama changa. Sindinamwetulire, ndinalumbira kale kuti tsikulo likadzafika sindidzamwetulira. Mtsikana uja anaima pa geti atagwira foni m'manja, osadziwa kuti abwerera bwanji yekha, ndipo sindinamuyang'ane.

Msewu wa Jogoo unali utadzaza. Matatu zinkatipanikiza mbali zonse, makondakitala akumenya zitseko, anjinga zamoto akupita m'mipata yosakwana ndi mbuzi. A madala anayika chimbale. Anayamba nkhani ija. Akuti mayi woyimba pa chimbalechi anali wabwino kwambiri, koma nthawi yake inakwana, ndipo yemwe anabwera pambuyo pake anali ndi mawu ena, osati oposa, koma ena. Akuti bandi ija inapulumuka chifukwa palibe yemwe ankaiona ngati munda wa bambo ake. Ankayankhula akuyang'ana bampala ya basi ya kutsogolo, chala chikugunda chiwongolero. Ndinkaganiza za Loweruka lotsatira, ndili ndekha m'kanyumba kaja, ndikuchapa makatani oyera kale.

Tinayenda pang'ono n'kuimanso. Iwo anapitiriza, tsopano za woyimba ng'oma wa ku London kuja. Pamenepo ndinalephera kupirira.

"A madala, ndinu munthu wamkulu. Ngati mukundichotsa nenani. Za ku London ndazimva kokwanira."

Anachepetsa wailesi. Ndinaopa kuti ndawachita mwano. Kenako anandiuza kuti kontirakiti yawo ya kuntchito yatha ndipo sanawawonjezere, kuti mwezi ukatha akubwerera ku Zomba, kuti sanauze aliyense chifukwa sankadziwa poyambira. Anati lifiti ya lero ndi yawo, adzipatsa okha. Bandi akuyisiya m'manja mwanga, masipika, mahotela otidziwa, zonse, chifukwa ndine ndekha wotsala mwa omwe tinayamba.

Ndinapuma ngati munthu wotuluka m'madzi. Ndinasangalala, ndisaname, munthu akundiuza kuti ntchito yake yatha ine n'kumasangalala. Ndinayamba kuwapepesa, mawu ambirimbiri, za ana awo, za katundu, ngati apeza kale galimoto yonyamula. Anandisiya ndiyankhule mpaka tinadutsa m'tawuni.

Tikuyandikira bwalo la masewero, anati: "Koma achemwali, mwana uja munamumva."

Sanafunse, anangonena. Anati iwo sakundichotsa, alibenso mphamvu zimenezo, bandi ndi yanga ndipo nditha kuyimba mpaka mano atatha. Anangowonjezera kuti kwa a ku London aja, omwe ankagwira bandi kuti isagwe sanali oima pa maikolofoni. Ndinawauza kuti anditsitsire pomwepo. Anati sitinafike. Ndinati ndafika. Ndinamenyetsa chitseko, ndipo ndinayenda wapansi mpaka kunyumba ndikuwatukwana mumtima, iwo, London yawo, ndi besi yawo yomanga lamba.

Anapitadi. Tinawaperekeza bwino, ndi nyama yootcha ndi mapemphero. Besi anatenga mnyamata wina wa ku Kasungu. Ine sindinanene kanthu za maikolofoni, ndipo palibe anandifunsa. Ndinkayimba ndine, mtsikana uja akuyankha kumbuyo motsitsa mawu, ngati wobisa chinthu chakuba. Nyimbo yokwera ija ndinangoyichotsa pa zomwe tinkaphunzira.

Ukwati woyamba a madala atachoka unali wa masana, pa kapinga wa hotela ina. Mkwatibwi anali Mmalawi, ndipo anatuma mlongo wake kudzapempha nyimbo yomweyo, akuti ndi yomwe anadziwirana ndi mwamuna wake. Ndinavomera, ndikanakana bwanji. Besi inayamba. Malipenga analowa. Anthu anayamba kudzuka m'mipando, ndipo anzanga onse ankayang'ana zida zawo monga tsiku lija m'galaja. Maikolofoni inali patsogolo panga, kutalika kwake koyezera ine.

Ndinayimasula n'kuyitsitsa pang'ono, poti mtsikana uja ndi wamfupi. Ndinabwerera m'mbuyo n'kumukankha pamsana. Anatembenuka maso ali tong'o, n'kunong'ona kuti a anti, sindingathe. Ndinamuuza kuti galimoto ndilibe, ndiye ndikumuuza m'maso: nyimboyi ndi yake tsopano, ndipo akayimba motsitsa mawu ndimutumiza kwawo ku Mangochi.

Anayimba. Anthu anavina mpaka amayi ena anavula nsapato. Atafika pokwera paja, ndinapeza kuti ndakoka kale mpweya, pakamwa pali potsegula, thupi lonse lakonzeka monga lakhala likuchitira zaka zonsezi. Ndinatseka pakamwa. Ndinadikira amalize mzere wake, kenako ndinayankha.