Malume wa Tsache

Ndikamva fungo la gazolina wopsa litasakanikirana ndi la masau ouma, mpaka lero pakhosi panga pamayamba kuyabwa ngati ndikufuna kuyankhula pagulu. Limeneli linali fungo la baraka ya a Jowakimu, kanyumba ka mabango kuseri kwa msika wa ku Fingoe, m'chilimwe chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Dzuwa la chaka chimenecho silinabwerenso. Mbuzi zinkayenda ndi miyendo itatu, wachinayi uli m'mwamba ukupuma moto wa pansi, kenako n'kusinthanitsa. Ndinaziona ndi maso angawa. Wokayika apite, zidzukulu za mbuzizo zikadalipo.

M'barakamo munali televizau, ndipo kunja kunali jeradori, injini yopangira magetsi, wophokosera moti gonthi wina wa pamsika anabwera kudzadandaula. Kanema ankaonetsedwa masana, dzuwa litangopendeka, chifukwa madzulo jeradoriyo ankapita kwa mwini loja, sitolo ya pamsika, kukaziziritsa zakumwa. Malo anali a anthu makumi atatu, koma tinkalowamo mudzi wonse, moti munthu akafuna kuyetsemula ankayamba wapempha mnzake kuti atuluke kaye. Makaseti a Jowakimu anali nawo atatu. Awiri a nkhonya makina anawatafuna sabata imodzi, n'kutsala imodzi yokha, ya chikondi. Chikuto chake chinadyedwa ndi chiswe, choncho dzina lake palibe analidziwa. Tinkangoti filimu ija. Inaonetsedwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi itatu, mpaka anthu a m'katimo anayamba kuonda. Sindikuwonjezera.

Nkhani yake inali ya mtsikana wachizungu wa dziko lozizira ndi mnyamata amene makolo ake anachokera kutsidya kwa nyanja, anthu odya ndi manja atakhala pansi ngati ife. Awiriwa ankaphunzira pamodzi ndipo anakondana. Bambo a mtsikana anakana, mayi a mnyamata anakananso. Anawo ankakumana kuseri kwa makalasi, kugawana chakudya ndi kuphunzitsana kavinidwe ka kwawo. Nkhope zawo zikayandikana kwambiri, a Jowakimu ankaphimba galasi ndi chipewa chawo n'kuwerenga chamumtima mpaka khumi. Pamapeto mtsikanayo ankakwezedwa machimbombo, basi yaikulu, kupita kutali, mnyamata n'kumathamanga pambuyo osaipeza.

Filimuyo inali ya Chingerezi, ndipo apa ndi pamene ndinalowerapo ine. Banja lathu linali litabwerako ku Zambia kumene tinathawira nkhondo, ndipo kumeneko ndinaphunzirako makalasi anayi. Kusikola ya ku Fingoe ndinali mbuli yotheratu, Chipwitikizi chinkandidutsa pamutu ngati mbalame. Koma m'baraka a Jowakimu ankandiimika pa bokosi pambali pa televizau kuti ndizimasulira. Chingerezi changa chonse chikanakwana m'kapu imodzi, kutsalanso malo a shuga. Azunguwo ankayankhulira m'mphuno, zotsalazo jeradori ankameza. Choncho ndinkangoyang'ana nkhope zawo n'kuwapatsa mawu oyenerana nazo. Palibe mzungu anatulukamo kudzanditsutsa.

Filimu ikatha anthu sankabalalika. Ankaima pamthunzi, akulavula nthanga za masau, n'kuyamba kuweruza. Anyamata okumba golide, matope ofiira ali m'makutu, ankati mnyamatayo ndi chitsiru, munthu sathamangitsa machimbombo wapansi pamene akanatha kubwereka mota, njinga yamoto. Amayi ogulitsa tomato ankamvera chisoni mtsikana, koma ankati alibe mwambo, amayang'ana bambo ake m'maso ndi kumenyetsa chitseko. Mkulu wina wa kutchalitchi ankati ana amalize kaye maphunziro, koma ankabwera Lachiwiri lililonse kudzatsimikiza maganizo akewo. Nabanda, mayi wonenepa wogulitsa masau pakhomo pa baraka, ankalira pamalo a machimbombo paja. Tsiku lililonse ankayamba kulira mofulumirirapo, mpaka mwezi wachiwiri ankalowa akulira kale.

Panali chinthu chimodzi chimene onse, obwerako ku Zambia ndi otsala kuno, ankagwirizana. Bambo uja analibe mlandu woti aweruze. Kwathu bambo ndi tambala wobwereka, amalira m'mawa koma khola si lake. Mwini mbumba ndi malume, mlongo wa mayi, ndipo nkhani ya ukwati imayambira ndi kuthera kwa iye. Ndiye anthu ankadabwa kuti filimu yonse bambo akufuula, nanga malume a mwanayu ali kuti?

Funsoli linkandilasa chifukwa kunyumba kwathu kunali filimu yathuyathu. Mkulu wanga, mana Tazia, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, anakondana ndi Domingo, Mnyungwe wochokera cha ku Tete, amene ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pamsika. Njinga yathu inawonongeka kawirikawiri chilimwe chimenecho moti pofika kumapeto chinatsala cha njinga yakale ndi belu lokha. Domingo anachita zonse mwaulemu. Anatuma akuluakulu a kwawo kawiri kwa malume athu, a Zakeyo, ndipo kawiri konse malume anawapatsa mpando, madzi akumwa ndi nkhani za mvula. Inde sananene, iyayi sananene.

Vuto linali lodziwika. Kwa Anyungwe mkazi amatengedwa kupita kwa mwamuna ndipo ana amakhala a bambo. Kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzamanga pafupi ndi apongozi. Malume sanafune n'komwe kuikhalira pansi nkhaniyo. Anangolengeza kuti mvula isanadule msewu, Tazia aperekezedwa ku Zambia kwa azakhali ena kukathandiza ntchito. Tonse tinadziwa kuti wopita kukathandiza ntchito koteroko sabwerako. Mana anasiya kuimba posinja. Tizovala take tonse anatimanga m'kachitenje n'kutiika pamutu pa mphasa, ndipo m'mawa uliwonse ankatuluka kukayang'ana mitambo. Bambo athu akafunsidwa ankangoloza ndi mlomo kunyumba ya malume.

Tsiku lina filimu ili pakati, Nabanda anaimirira, n'kutseka kuwala kwa anthu asanu ndi awiri.

"Iwe Sita, usatipusitse. Mwana ameneyu anagwa kumwamba? Malume ake ndi ati?"

Baraka yonse inanditembenukira. Kunena kuti sindikudziwa kukanandigwetsa pa bokosi lija, ndipo bokosilo linali malo okhawo m'Fingoe yense pamene ndinali munthu. Nthawi yomweyo pagalasi panadutsa nkhalamba ina ya imvi, yovala ovolosi, ikukankha tsache lalitali m'khonde la sukulu ya m'filimu. Inkaoneka katatu kokha m'filimu yonse, nthawi zonse ikusesa.

"Ndi awo," ndinatero.

Kuyambira tsiku limenelo filimu ija inasanduka ina. Bambo wofuula uja anthu anamukhululukira, anati n'kusadziwa. Mkwiyo wonse unagwera nkhalamba ya tsache. Malume wanji woona mwana wa mlongo wake akulira pakhonde, iye n'kumangosesa? Akuluakulu a mnyamata akanafikira kwa yani, mwini mbumba ali kalikiliki ndi zinyalala? Ikangotulukira, nthanga za masau zinkagwa pagalasi ngati matalala, a Jowakimu n'kumatchinga ndi thupi lawo. Ndikulumbira, pofika sabata yachitatu nkhalambayo inayamba kusesa mofulumira, itazolika, kuti idutse msanga. Mbiri inafika ku Chipera ndi ku Malowera. Anthu ankapalasa njinga tsiku lathunthu kudzaona malume wopanda ntchito wa kwa Azungu, ndipo ankabwerera okhutira kuti kwawo zinthu zikadali bwino.

Mitambo inayamba kusonkhana cha kumpoto, mphepo ikubweretsa fungo la dothi lonyowa la kwina. Malume anali atapangana kale ndi mwini lole ina yopita kumalire. Ndiye masana ena, ine ndili pa bokosi, kuwala kwa pakhomo kunatsekeka, ndipo analowa malume Zakeyo atavala jekete lawo la kutchalitchi m'kutentha konse kuja. Sindikudziwa amene anawauza. A Jowakimu anawapatsa mpando wokhawo wa m'barakamo.

Ndinamasulira ngati masiku onse, mawu akutuluka owonda. Nkhalamba itadutsa koyamba anthu anadziletsa, poona amene wakhala pampando. Itadutsa kachiwiri wina kumbuyo anatsonya. Kachitatu ndi pamene mtsikana amakhala pansi m'khonde, chikwama chili pambali, akudikira machimbombo, ndipo nkhalamba ija imaima pamaso pake n'kunena mawu ake okhawo a m'filimu yonse. Masiku ena ndinkati ikuti usalire. Tsiku limenelo ndinakumbukira kachitenje ka mana pamutu pa mphasa, ndipo pakamwa panga panatseguka pokha.

"Akuti, pepa mwana wa mlongo wanga, ndikanakuyankhulira, koma ndinatanganidwa ndi kusesa."

Phokoso la anthu litabuka, denga la baraka linakwera m'mwamba chikhatho chimodzi n'kubwerera, pali mboni. Nabanda, misozi ili chuchuchu, anafuula osayang'ana kumpando kuja, komanso osayang'ana kwina kulikonse.

"Kukana ndi mawu, kuvomera ndi mawu! Koma malume wongoti duu ngati chitsa, ameneyo ndiye wakupha mwana. Mbumba siisungidwa ndi tsache, bambo inu!"

Ankaloza galasi. Aliyense ankayang'ana galasi mwamphamvu kwambiri, ngakhale a Jowakimu amene anali ataiona filimuyo kuposa amene anaipanga. Malume anakhala mpaka machimbombo ananyamuka, mnyamata n'kuthamanga, n'kugwa. Kenako anaimirira, anathokoza mwini baraka, n'kundikodola kuti tizipita.

Tinayenda iwo patsogolo, ine pambuyo, fumbi likutentha kumapazi. Tinadutsa pa mtengo wa mango paja, Domingo n'kuimirira, sipanala ili m'manja, chipewa chili pamtima. Malume sanamuyang'ane. Titatsala pang'ono kufika anaima osatembenuka.

"Iwe Sita, mkulu watsache uja ndi malume ake enieni?"

"Pali Mulungu, malume."

"Inde," anatero. "Akufanana mphuno."

Patapita masiku atatu malume anatuma uthenga kwa akuluakulu a Domingo. Onse anakhala pansi pa mtengo wa pakhomo pathu kuyambira m'mawa mpaka mthunzi unazungulira mbali inayo, Chichewa ndi Chinyungwe zikugundana ngati mbuzi ziwiri pa mlatho. Ife ana anatithamangitsa, koma zomwe anagwirizana zinamveka mudzi wonse. Domingo amange nyumba pathu ndi kulima mvula ziwiri m'munda wa amayi. Zikatha akhoza kumutenga mkazi wake, koma osapitirira mtunda woti malume n'kupalasa njinga kukafika tsiku lomwelo. Ana adzadziwa makomo onse awiri. Anyungwe anang'ung'udza, malume anang'ung'udza, ndipo poti onse anachoka osakondwa mofanana, aliyense anati mlandu waweruzidwa bwino. Lole ija inapita kumalire popanda mana. Usiku wake sindikuukumbukira, koma m'mawa mwake ndinadzutsidwa ndi mtondo ndi nyimbo.

Mvula inagwa sabata yotsatira. Domingo, munthu wa sipanala, analima mizere yokhota moti madzi a mvula ankasochera m'mundamo n'kumafunsa njira. Amayi ankaima m'mphepete, manja ali m'chiuno, n'kumamuitana kuti adzadye.

Ndinakula ndikudzitama kuti ndinapusitsa munthu wamkulu ndi bodza limodzi. Nkhaniyi ndinaifotokoza paukwati wa mana, paubatizo wa ana ake, ndi paliponse pamene anthu analakwitsa kundipatsa mpata. Chaka chathachi mwana wanga anaipeza filimu ija pa foni, mawu olembedwa ali m'munsi. Nkhalamba ija ndi wosesa wa pasukulu basi, alibe chibale ndi aliyense, ndipo chimene amauza mtsikana uja n'choti akweze miyendo asesepo. Ndinaseka mpaka kutsamwa, n'kuimbira mana kuti ndimuuze. Iye sanaseke kwambiri. Anati kodi sindinkadziwa kuti malume ali mnyamata anaphikira Azungu a pafamu ku Zambia zaka zisanu ndi zinayi? Chingerezi ankachimva kuposa aphunzitsi anga onse, ankangodana n'kuchiyankhula. Anandikumbutsanso kuti mwa alongo awo anayi, nkhondo ndi kuthawa zinawasiyira mmodzi yekha, amayi athu, ndipo aliyense wa enawo anachoka pamudzi akunena kuti abwera posachedwa.

Malume anamwalira kalekale, sindingawafunse. Ndili mwana ndinkaona munthu wouma mtima amene ndinamugonjetsa ndi nzeru zanga. Tsopano ndimaona munthu wamantha, amene anadziwa kuti akatsegula pakamwa ataya mwana, akatseka amutayabe, ndipo anavala jekete lake n'kupita kukakhala pakati pa anthu kuti amutukwane mokwanira. Anamva bwinobwino mzungu akunena za miyendo. Anamvanso mwana wa mlongo wake akunama pamaso pa mudzi wonse, ndipo pa mawu awiriwo anasankha kumvera a mwanayo.