Chidendene pamchenga

Ndikukumbukira kuti ndili mwana, aliyense kwathu ku Chintheche ankadziwa mapazi anga pamchenga. Lamanja linkadinda lonse. Lamanzere linkasiya zala zokha, chifukwa mnofu wa katumba unali waufupi ndipo chidendene sichinkafika pansi. Anzanga akaona zalazo ngati mapazi a mbuzi, ankafuula kuti, "Apa padutsa Kambuzi!"

Madokotala a mafupa atabwera kuchipatala cha kuboma, Ama anati tipite. Asibweni, mchimwene wawo, anakana.

"Mwana akuyenda, mukukamuchekeranji?"

Ama anangomanga chitenje, tinanyamuka.

Madokotala anandichita opaleshoni yotalikitsa mnofuwo, n'kundiika chikhakha. Chinkayabwa, chinkanunkha thukuta, ndipo nyanja ndinkangoiona ndi maso. Atachichotsa, adokotala anandichenjeza kuti ndikapanda kupondera chidendene, mnofu udzafupikanso. Koma kuponda kunkawawa ngati waya wamoto, ndiye ndinabwerera kuzala zanga.

Tsiku lina Asibweni akusoka ukonde wa usipa, anayang'ana pomwe ndinadutsa.

"Ndinanena ine, mlongo. Mwamuchekera pachabe. Kambuzi ndi Kambuzi basi."

Asodzi anaseka. Ama anawerama. Kuweramako n'kumene kunandipsetsa mtima.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse Ama akamakaviika chinangwa, ine ndinkatsikira pamchenga wonyowa. Ndinkayenda, n'kutembenuka kuona. Pomwe panalibe chidendene ndinkafufuta ndi manja, n'kuyambiranso. Ndinkalira, koma ndinkalira nditayang'ana kunyanja kuti wina asaone. Palibe anandituma.

Patapita nthawi, ndinapita pomwe panali bwato la Asibweni. Ndinalizungulira pang'onopang'ono, iwo akuona, mapazi onse awiri akudinda athunthu.

"Asibweni, mbuzi yanu ija yadutsa pati?"

Anayang'ana mchenga nthawi yaitali. Kenako analavula.

"Iwe, pakamwa! Kankha bwato, ukundichedwetsa."

Anali asanandilolepo kugwira bwatolo. Wokankha bwato amazika zidendene mumchenga, ndipo ine ndinazika zonse ziwiri.

Lero ndili ndi imvi, ndipo chipsera chikadalipo kumbuyo kwa mwendo. Kukazizira chimakoka. Anzanga ena amanditchulabe Kambuzi, ine n'kuyankha, poti dzina silindipweteka. Chomwe ndikudziwa tsopano n'chakuti adokotala anatalikitsa mnofu, Ama anapirira kusekedwa, koma chidendene palibe akanandipondera. Ndinaponda ndekha, ndipo sindinapemphe chilolezo kwa munthu.