Bambo alawa mfuti yachiwaya

Mwaswera bwanji nonse. Ndangofika nawo bambo kuno ku Area 14, ali moyo.

Paja amatiuza kuti chisamukire likulu kuchoka ku Zomba palibe chimene chinawaopsapo. Lero mnzawo wa ku Area 10, msilikali wopuma ntchito, watitengera kumalo ophunzirira kuwombera kuti bambo akalaweko mfuti yachiwaya. Katswiri wathu wapita atavala suti ndi tayi, ngati akukalandira nduna.

Mlangizi wawapatsa zotseka m'makutu, iwo akana. Akuti, "Mwanawe, ine ndinkakhala pakati pa makina otayipira tsiku lonse. Phokoso ndikulidziwa."

Atangokhudza, mfuti yabangula, bambo atsinzina, tayi yathawira kumsana. Chipepala chimene amayenera kulasa chabwerako chopanda bowo ndi limodzi lomwe. Koma dothi alilanga ndithu.

Pano sakumva kalikonse. Mayi akhala nawo pakhonde, akuwakhuthulira zonse zimene akhala akusunga kuyambira ku Zomba. Bambo akungovomera ndi mutu, akumwetulira.

Ndiye mundiuze abale, ndipite nawo kuchipatala lero, kapena tidikire mayi amalize? Angofika kumene chaka chimene ndinabadwa ine.