Tsiku lomwe munavula duku ku Kolkata

Achemwali, lero poweruka kuntchito ndinalowa m'sitolo ya amwenye pa Lafayette Road, ndipo fungo la tiyi wa jinja linandibweza ku Kolkata, komwe ndinakuperekezani kuchipatala. Tsiku lija munakana kugonera pabedi, tinakakwera boti pamtsinje wa Hooghly, nyumba zakalekale za atsamunda zikudutsa pang'onopang'ono m'nkhungu ngati kutulo. Tili pakati pa madzi munavula duku, mutu wothothoka tsitsi uja n'kuusiyira mphepo. Ine ndinachita manyazi ndi maso a anthu, koma inu munatsinzina n'kuseka: "Tandisiya iwe Tadala, lero sindikudwala."

Patha zaka zinayi chitisiyireni, koma ndimakuonanibe mutatsamira chitsulo cha boti lija. Ndikanadziwa, sindikanakuumirizani kuti muvalenso. Pepani achemwali anga, usani mumtendere.