Tsiku Limene Ndinavina ndi Chitenje

Akazi anga atamwalira, ndinadziwa chimene chinkabwera. Ine ndine mkamwini. Ndinakwatira ku Zemba ndili mnyamata, ndipo mwambo wake ndi woti kumeta kukatha, abale a malemu amakusudzula, iwe n'kumanga katundu kubwerera kwanu. Kwathu ndi ku Mlolo, koma onse amene akanandizindikira kumeneko ali kumanda. Sindinafune kuchoka m'nyumba imene tinakalambiramo awiri.

Masana ena ndinakhala pagolosale ina imene imaonetsa mafilimu pa TV ya sola. Inali filimu ya mzungu wokalamba amene mkazi wake anamwalira. Mawu a Chingerezi ankathamanga m'munsi mwa galasi. Ine sukulu ndinayamba imvi zitamera kale, choncho pomaliza kuwerenga liwu loyamba, mzunguyo amakhala atatuluka panja. Ndinangotsatira ndi maso. Ana ake anabwera pagalimoto kudzamutenga. Iye anatsegula wailesi, natenga diresi ya mkazi wake, nayamba kuvina nayo pang'onopang'ono. Anawo analira, nabwerera okha. Ndinati mumtima, kodi mankhwala ake ndi amenewa?

Tsiku londisudzula anafika alamu anga aamuna, eni mbumba, pamodzi ndi mng'ono wa malemu akazi anga. Anakhala pakhonde. Alamu atangokonza kukhosi kuti ayambe, ndinalowa m'nyumba, ndinasolola chitenje pachingwe cha zovala za malemu, ndinatsegula wailesi. Nyimbo panalibe. Munthu wina ankafotokoza za kapoperedwe ka thonje. Ndinati zomwezo, ndinatuluka.

Vuto linali miyendo. Ine ndinkafuna za pang'onopang'ono zija, koma iyo imadziwa mganda wokha. Ndinazungulira bwalo chitenje chili pachifuwa, mawondo akulira ngati ngolo yopanda girizi, nkhuku zikuthawira kunkhokwe.

"Alamu, mukutani?" anafunsa aamunawo.

"Ndikulira."

"Ndi miyendo?"

"Ndi mmene amalirira azungu. Ndinaona ndekha."

"Nanga amaliranso ndi za thonje?"

Ndinangopitiriza kuzungulira, mpweya utachepa. Apo mng'ono wa malemu anaimirira, nayang'anitsitsa.

"Iii, alamu! Chitenje chimenecho n'changa. Achemwali anangobwereka popita kuchipatala. Apatu mukuvina ndi ine!"

"Bwanji osanena kale?"

"Ndimadikira muthyoke kaye."

Alamu aamuna anaseka mpaka chipewa chinagwa. Kenaka anapukuta m'maso nati, "Mlongo wanga anakukokani dzanja paukwati wa mwana wanu, anthu onse akuona. Munati mkulu wa mpingo savina. Anavina yekha. Lero ndiye mwapeza miyendo?"

Miyendo ija inangoti zii. Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo, ndipo kulira kumene kunakana kutuluka pamaliro kunabwera kokha, kwaphokoso ngati kwa mbuzi yomangidwa panjinga. Mamina ndinaminira m'chitenje cha eni ake. Wa pawailesi anali atafika pa za mbozi.

Awiriwo ananong'onezana kwa kanthawi. Ine ndinkamva zonse, chifukwa alamu anga kunong'ona kwawo kumamveka mpaka kudambo.

"Tikamubweza ali chonchi, a ku Mlolo adzati tinatenga munthu wabwinobwino, tabweza wamisala."

"Nanga adzamulandira ndani?" anatero aamunawo. "Akhale kaye, achire."

"Koma chitenje changacho achape ndi sopo."

Anandiuza kuti zosudzula zidikire mpaka mutu wanga utakhazikika. Ndinachapa chitenjecho, ndinakabweza.

Mpaka lero sindinachire, ndipo ndimasamala kwambiri kuti ndisachire. Ndikamva belu la njinga ya alamu m'kanjira ka kumunda, ndimasiya khasu, ndimatsegula wailesi, n'kugwira chitenje, tsopano cha malemu chenicheni. Iwo satsika n'komwe.

"Mukadali odwala, alamu?"

"Kwambiri!"

"Pepani. Mawondowo muzikweza pang'ono, mukutichititsa manyazi."