Mfumu Yothawila Pakona

Dzulo ndinagula jekete yovalidwa kale ku salaula pa Nyimba, ndipo m'thumba mwake ndinapezamo batani lalikulu lakuda. Nditangoligwila, ndinadziona ndili mwana pabedi la chipatala cha mishoni, mwendo uli m'pulasitala, fungo la sipiliti lili m'mphuno.

Amene ananditonthoza anali asisitela a ku Ailandi, Mulungu awadalitse komwe ali. Anajambula timabokosi pakatoni, nandiphunzitsa masewela amene mafumu akale a kwawo ankasewela. Batani lakuda pakati linali mfumu, nyemba asilikali ake, chimanga adani oizinga. Mfumu ikathawila pakona, yapambana.

Tsiku lina atate anabwela panjinga kudzanditenga. Mbuzi zathu zinali kudya mbewu za eni, ine mbusa wazo ndili gone. Asisitela anachondelela kuti fupa silinagwilane, atate anakanitsitsa. Kenaka anaona katoni ija. Iwo anali katswili wa nsolo, sakanatha kuipitilila.

"Mfumu yothawa ndi mfumu yanji?" anatelo atamva malamulo. Anaisiya pakati kuti imenye nkhondo, ine ndinaizinga ndi chimanga changa. Anayambanso, ndinaidyanso. Odwala anzanga anaseka mpaka kutsokomola.

"Bambo," anatelo asisitela m'Chinyanja chawo chopindika, "mfumu yakufa ilamula ndani?"

Atate anayang'ana pulasitala wanga. Kenaka, ndi chala chong'aluka ndi khasu, anakankha batani lija pang'onopang'ono mpaka pakona.

"Mbuzi ndidzabusa ndekha," anatelo. "Iwe gona."