Dengu la Daw Khin Pyone

Azakhali anga, Daw Khin Pyone, agulitsa nsawawa zowiritsa m'misewu ya mzinda wa Pyay kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ndinawafunsa kawiri kuopa kulakwitsa chiwerengerochi. M'mawa uliwonse ankasenza dengu pamutu n'kumaitana ogula, ndipo anthu ankatuluka ndi mbale asanasukusule n'komwe.

Nyamakazi yotupitsa mfundo inawapinda zala kalekale, koma ankati dengu silifuna zala. Chaka chatha msana unayamba kuwawa, nsalu yawonso n'kumakhudza pansi poti anali atafupika. Adokotala atawapima anati mafupa awo afumbwa ngati nsungwi yakale. Ngati ndinamva bwino, chifukwa chake ndi nyamakaziyo pamodzi ndi mapiritsi ochepetsa kutupa amene amwa kwa zaka zambiri. Anawapatsa mankhwala, nawalangiza kudya tinsomba ndi minga yomwe, kuwothera dzuwa ndi kuyenda tsiku lililonse. Koma kusenza anawaletseratu.

Azakhali anaopa kuti akangojomba sabata imodzi, wina alanda misewu yawo. Choncho anatuma amuna awo, U Kyaw Thaung, mphunzitsi wopuma, munthu wa mawu apansipansi. Anapita dengu lili paphewa, n'kubwera nalo lodzaza.

"Munaitana koma, bambo a Thida?" anafunsa azakhali.

"Ndinaitana."

"Itanani ndimve."

Amalume anakhosomola, nati, "Nsawawa zilipo."

"Mukulengeza maliro kapena? Ngakhale galu sangatuluke."

M'mawa mwake ananyamuka onse awiri. Paphewa pa amalume dengu linkapendama, msuzi n'kumawathira kumsana. Azakhali anapinda kansalu kukhala nkhata.

"Pamutu ayi, mayi a Thida. Ana amene ndinawaphunzitsa andiona."

"Akuoneni. Munawaphunzitsa kuti ntchito ilibe manyazi, ndinkamva pawindo."

Anasenza. Azakhali anatsogola ndi ndodo yawo, n'kukweza mawu aja. Zitseko zinatseguka. Mayi wina anaseka mpaka kugwetsa mbale, kenako anagula miyeso iwiri.

Tsopano patha miyezi isanu ndi itatu. Sindinganene kuti mafupa achira, poti adokotala sanatero. Koma azakhali sanathyoke paliponse, ndipo misewu idakali yawo. Dzulo ndinakumana nawo pafupi ndi msika, amalume akuyenda osagwira dengu, manja ali kumbuyo.

"Taonani akunyada," anatero azakhali. "Mawa ndiwonjezera nsawawa."